Foni si mfiti, amayi

Sabata yatha mayi wina analowa mu ofesi mwanga ndi mwana wake, atanyamula foni ya mwanayo ngati wagwira njoka. Mnyamatayo ali m'chaka chachiwiri ku yunivesite, walephera maphunziro atatu, ndipo amacheza pa WhatsApp mpaka tambala woyamba. "Ndamulanda foniyi, adokotala. Ndiye achira liti?"

Ine ndine mlangizi wa za maganizo, jakisoni ndilibe. Koma funsoli ndalimva kambirimbiri ndipo landikwana.

Makolo ambiri amawerenga maola, ngati kuti akadutsa mlingo wakutiwakuti ndiye kuti mwana wadwala. Maola paokha sanena kanthu. Wina amakhala pa intaneti tsiku lonse akulemba ntchito ya m'kalasi, madzulo n'kugona tulo tabwino. Wina maola awiri okha, koma bandulo ikatha mtima suli m'malo. Ngakhale mafunso 20 oyezera kukomedwa ndi intaneti amene katswiri wa ku America, Kimberly Young, anakonza mu 1998 amafunsa zina: kodi umataya tulo? Kodi magiredi atsika? Kodi umabisa nthawi imene wakhala pa intaneti? Ndipo bungwe la WHO, pa mndandanda wake wa matenda wa ICD-11, linaikapo kukomedwa ndi magemu, kucheza pa intaneti ayi. Choncho ndimazengereza kutcha mwana wa munthu wodwala.

Nyambo ilipo, sindikana. Ife timaitcha variable reinforcement, kutanthauza mphotho yobwera mosadziwika nthawi. Katswiri wa za maganizo B.F. Skinner anaona kuti nkhunda imajompha batani mosalekeza ngati chakudya chikutuluka mwa apo ndi apo. Uthenga wa pa foni umabweranso chimodzimodzi, n'chifukwa chake chala chimangobwerera.

Koma chimene ndimafufuza ine ndi chomwe foniyo ikuphimba. Mayi aja atatuluka, mnyamatayo anandiuza kuti fizi sanamalize, amachita manyazi kulowa m'kalasi, ndipo usiku ku hositelo akazimitsa magetsi maganizo amamudya. Macheza aja ndiwo ankamufikitsa m'mawa. Kumulanda foni kunangomusiya yekha ndi mdimawo.

Malangizo? Foni igone kutali ndi bedi, zimitsani mabelu a magulu a WhatsApp, gulani kawotchi kodzutsa. Ena zimawathandiza, ena ayi. Ngati tulo ndi chilakolako cha chakudya zasowa kwa masabata awiri, kaonaneni ndi mlangizi kapena pitani kuchipatala.

Foni ija ndinapempha kuti amubwezere. Mayiwo sanakondwere nazo, koma za fizi anamva koyamba tsiku lomwelo.