Bizinesi Yotsuka Nyumba ndi Makina: Mphamvu Yokha Siikwanira

Mvula ikasiya mu April, yendani m'misewu ya ku Area 47 ku Lilongwe, ku Namiwawa mu Blantyre kapena ku Katoto ku Mzuzu, muone zimene yasiya. Mipanda ya njerwa yamera ndere, makonde ada bii, ndipo njerwa za simenti zoyala pabwalo zadzaza matope m'mizere. Eni nyumba ambiri amachoka m'mawa n'kubwera kutada. Ntchito imene burashi ndi ndowa zingatenge masiku awiri, makina opopera madzi mwamphamvu, aja timawaona kotsukira galimoto, amaimaliza dzuwa lisanafike pamutu.

Apa pali mpata wa bizinesi kwa mnyamata amene wamaliza sukulu, kwa bambo amene ntchito yatha, ngakhale kwa mayi wofuna kuthandiza pakhomo. Ndi ntchito yokhudzanso thanzi. Ndere za pakhonde zimaterera, ndipo agogo akagwa n'kuthyoka chiuno savuta kukhala chigonere. Nkhungu ya m'makoma imadzutsa chifuwa cha mphumu. Si za lero zimenezi: chaputala 14 cha Levitiko chili ndi malangizo a zoyenera kuchita ndi nyumba imene makoma ake agwidwa ndi zoterezi.

Koma wogula makina lero asadziyese mmisiri mawa. Madzi omwe amachotsa ndere ndi omwenso amasenda penti, kukumba simenti ndi kung'amba khungu la munthu. Amene amakhalitsa pa bizinesiyi ndi amene wadziwa pofunika mphamvu, pofunika kufatsa, ndi pofunika kunena kuti, "Apa sinditsuka."

Sankhani makina mogwirizana ndi ntchito

Pa makina alionse pamalembedwa manambala awiri. Yoyamba ndi mphamvu ya madzi, imene amaiyeza mu bar. Yachiwiri ndi kuchuluka kwa madzi otuluka, malita pa mphindi kapena pa ola. Ogula ambiri amangoyang'ana yoyambayo, koma yachiwiri ndiyo imafulumiza ntchito, chifukwa mphamvu imangomasula litsiro pamene kuchuluka kwa madzi ndiko kumalikokolola.

Makina ang'onoang'ono a magetsi, a pakati pa 110 ndi 150 bar, ndi otchipa, opepuka ndiponso osasokosa. Koma ambiri mwa iwo anapangidwira pakhomo, osati kugwira ntchito tsiku lonse, ndipo magetsi a ESCOM akazima ntchito imaima. Makina a petulo amafika 200 bar n'kupitirira ndipo mungapite nawo kulikonse, koma amafuna mafuta, oyilo ndi chisamaliro. Musanalipire, funsani wogulitsa ngati zipangizo zosinthira, makamaka timalabala ta m'pampu ndi paipi, zimapezeka m'dziko muno. Makina otchipa opanda zosinthira amasanduka chitsulo chongosunga m'nyumba.

Ngati ndalama sizikukwana, musathamangire katapila. Bwerekani makina pa lendi kwa ntchito zingapo zoyambirira, kapena gwiraniko ntchito kotsukira galimoto kwa mwezi umodzi. Mudzadziwa ngati thupi ndi mtima wanu zikugwirizana nayo ntchitoyi musanaike ndalama za banja pachiswe.

Dziwani timilomo tanu

Kumapeto kwa ndodo yopopera kumalowa kamlomo kotchedwa nozzle. Makina ambiri a petulo amabwera ndi timilomo tisanu tamitundumitundu. Kofiira kamatulutsa madzi ngati nsonga ya singano. Pa nyumba ya munthu kasiyeni m'bokosi. Kachikasu, ka madigiri 15, ndi ka simenti yolimba. Kobiriwira, ka madigiri 25, ndi ka ntchito zambiri za pabwalo. Koyera, ka madigiri 40, ndi ka makoma opaka penti ndi malo ena osalimba. Kakuda ndi kothirira sopo.

Lamulo lake n'limodzi: yambani ndi kamlomo kotambasula madzi, mutaima patali, kenako muziyandikira pang'onopang'ono. Yesani kaye pakona yobisika, mwini nyumba akuona. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi ziwiri zoyesa zingakupulumutseni ku kulipira penti ya khoma lonse.

Malo oyenera kuwakana

Nyumba zathu sizinamangidwe mofanana. Khoma la njerwa zomangira dothi, kapena lopaka njereza, silipirira madzi amphamvu, limakokoloka mukuona. Pulasitala wong'aluka amalowetsa madzi mkati, ndipo pakapita milungu mwini nyumba amaona chinyezi kuchipinda. Mawindo, mapanelo a sola, mita ya magetsi, masoketi a panja, mota ya geti ndi waya wa magetsi wa pampanda, zonsezi zitalikireni kapena ziphimbeni bwino.

Choopsa kuposa zonse ndi denga la asibesitosi, limene likadalipo pa nyumba zambiri zakale za boma ndi za makampani. Madzi amphamvu amanyenya pamwamba pake n'kumwaza timaulusi tosaoneka ndi maso. Matopewo akauma, timaulusito timauluka ndi fumbi n'kulowa m'mapapo, ndipo patapita zaka zambiri timayambitsa matenda a m'mapapo kuphatikizapo khansa. Denga lotere musalitsuke, ngakhale akulonjezeni ndalama zingati. Mufotokozereni mwini nyumba chifukwa chake. Mwina tsiku limenelo mubwerera chimanjamanja, koma mwateteza ana ake ndi mapapo anu.

Ndere ndi nkhungu za pakhoma sizifuna mphamvu kwenikweni, zimafuna mankhwala. Sungunulani bulichi monga Jik motsata malangizo a pabotolo, thirani ndi chopopera cha m'munda, dikirani mphindi pafupifupi 10 osalola kuti aume, kenako tsukuluzani ndi madzi ofatsa. Mukangozichotsa ndi mphamvu yokha, zimabwereranso msanga. Nyowetsani maluwa ndi kapinga musanayambe ndi pomaliza pomwe, kuti zisapse. Pa njerwa zoyala pabwalo, madzi amachotsa mchenga wa m'mizere umene umazigwira kuti zisagwedezeke. Pakauma, seserani mchenga wina wosefa m'mizeremo, ndipo mtengo wake muuikiretu pa malipiro.

Thupi lanu ndilo mpamba woyamba

Makina akawonongeka mudzagula ena, koma diso silimera. Valani magalasi oteteza maso, magolovesi, ndi nsapato zotseka zosaterera. Musatsuke mutavala patapata, ndipo musatsuke mapazi kapena manja ndi mpopewo ngakhale mwanthabwala. Madzi amphamvu amaboola khungu n'kukankhira litsiro mkati mwa mnofu. Kunja kabala kamaoneka kakang'ono, pamene mkati mwawonongeka kwambiri. Zikachitika, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo muwauze adokotala chimene chakuvulazani.

Makina a petulo amatulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Musawalize m'garaja, m'bafa kapena pafupi ndi windo lotsegula. Aziima panja, paipi yokha ndiyo ilowe. Makina a magetsi alumikizeni pa soketi yotetezedwa ndi chozimitsa magetsi akayamba kudutsa molakwika, ndipo polumikizira mawaya pasagone m'madzi. Musapope mutakwera makwerero, chifukwa mpope umakankha mukangoutsegula ndipo ungakugwetseni chagada. Bulichi musamusakanize ndi mankhwala otsukira chimbudzi, asidi kapena amoniya. Mpweya wotulukapo umawotcha mapapo. Ana ndi ziweto akhale m'nyumba mpaka mutamaliza.

Ngati mwalemba mnyamata wokuthandizani, zodzitetezera zimene mwavala inu avalenso iye.

Madzi ndi a ndani?

Mikangano yambiri pa ntchitoyi imayambira pa bilu ya madzi. Werengerani nokha. Makina otulutsa malita 8 pa mphindi amamwa malita 480 pa ola lopopa mosalekeza, ndipo mgolo wa malita 200 umatha pa mphindi 25. Muuzeni mwini nyumba zimenezi musanayambe, ndipo gwirizanani ngati madzi ndi ake kapena mubwera nawo. Ngati n'kotheka, werengani mita limodzi poyamba ndi pomaliza.

M'madera amene madzi a Water Board amavuta, funsani dzulo lake ngati mpopi ukutuluka kapena ngati pali thanki. Madzi a pachitsime kapena a m'thanki adutse pa sefa, chifukwa mchenga umadya pampu. Pampu isalire yopanda madzi, ndipo makina a petulo musawasiye akulira kwa mphindi zambiri osapopa, popeza madzi ozungulira mkati amatentha n'kuwononga timalabala.

Sesani kaye musanatsegule makina. Tsache silifuna madzi. Onaninso kumene madzi akuda akulowera. Asalowe kwa aneba kapena m'dimba la masamba, ndipo musasiye zithaphwi zoti udzudzu uswanemo. Si bwino kuchotsa ndere pakhomo n'kusiyapo malungo.

Mtengo ndi mabuku

Musatchule mtengo pa foni. Pitani mukaone malo, muyeze kutalika ndi kufupika kwake, muone kuchuluka kwa litsiro. Werengerani petulo, mankhwala, mchenga, mayendedwe, malipiro a wokuthandizani, malipiro anu, ndi kagawo kosungira tsiku limene pampu idzafe. Ambiri amagwa chifukwa choiwala kagawo kotsirizaka: amadya zonse, makina akafa bizinesi n'kufera pomwepo.

Lembani mtengo ndi zimene mudzatsuke, pa pepala kapena pa WhatsApp, kuti pasadzakhale zoti, "Popeza mwabwera kale, mungotsukirako ndi galimotoyi." Jambulani malo musanayambe, makamaka ming'alu ndi penti yosendeka kale, ndipo muwaonetse eni ake. Ndalama za bizinesi zikhale pa akaunti yakeyake, kaya ku banki, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, zisasakanikirane ndi za ndiwo. Kabuku ka zolowa ndi zotuluka kadzakuuzani phindu lenileni, ndipo mudzabweza chakhumi pa chimene mukuchidziwa, osati chongoganizira. Bizinesi ikayamba kuyenda, ilembetseni, tengani chiphaso ku khonsolo ndi nambala ya msonkho ku MRA. Sukulu, malo ogona alendo ndi makampani osamalira nyumba za lendi amafuna mapepala amenewa asanakupatseni ntchito.

Ntchitoyi ili ndi nyengo zake. Imachuluka mvula ikangotha, ndiponso anthu akamakonzekera ukwati, chinkhoswe kapena kulowetsa munthu watsopano m'nyumba ya lendi. Sungani za miyezi imeneyi kuti zidzakuolotseni m'miyezi ya mvula.

Nanga Sabata?

Mayeso amene Mkhristu wa Adventist adzakumana nawo msanga ndi awa: makasitomala ambiri amapezeka pakhomo Loweruka, ndipo ndi tsiku limene amafuna kuti mubwere. Musadikire kuti akufunseni. Pa chikwangwani chanu ndi pa uthenga wanu wa pa foni lembani poyera kuti mumagwira ntchito kuyambira Sande mpaka Lachisanu masana. Tsiku loyamba la mlungu ndi mwayi wanu, chifukwa eni nyumba amakhalaponso ndipo amisiri ambiri amapuma.

Lachisanu musalandire ntchito yaikulu. M'miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo mufunika nthawi yosonkhanitsa zida, kufika kwanu ndi kusamba. Musatumenso wantchito wanu kapena kubwereketsa makina pa lendi tsiku la Sabata. Lamulo la mpumulo limakhudzanso amene amatigwirira ntchito. Ena adzapita kwina, n'zoona, ndipo mwezi umene lendi yavuta zimenezi zimawawa. Koma ambiri amalemekeza munthu amene wanena zoona kuyambira pachiyambi n'kufika pa ola limene analonjeza.

Chimene chimabweretsa foni yachiwiri

Mwini nyumba akakutsegulirani geti, wakuonetsani kumene ana ake amasewera ndi kumene katundu wake amakhala. Musalowe kumene simunatumidwe. Musaike zithunzi za nyumba yake pa Facebook musanapemphe. Mukaswa galasi kapena kusenda penti, nenani nokha asanaone, ndipo konzani ndi ndalama zanu. Pomaliza bwezerani mipando ndi miphika ya maluwa m'malo mwake, yendani naye limodzi aone ntchito, kenako mulandire malipiro.

M'madera athu nkhani imayenda pa mpanda ndi pa magulu a WhatsApp a anthu okhala dera limodzi. Khonde limene mwatsuka lidzadanso mvula ikabwera, ndipo mwini wake adzafunanso munthu. Adzakumbukira amene anamuuza zoona za denga lake, amene anawerenga naye mita, ndi amene anatseka mpopi Lachisanu dzuwa likadali m'mwamba.