KUSAMUTSA KAMBA M'NYENGO YA CISANU

Ku Feira, kumene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi, cisanu cenicenico sicidziwika. Malowa, amene lero achedwa Luangwa, ali m'cigwa cotsika koposa m'dziko lonse la Zambia, mamita ngati 330 okha pamwamba pa nyanja yaikuru, pamene Lusaka ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,300. Munthu wocoka ku Feira atsata mtsinje kufikira pa ulalo wa Luangwa, nakhotera kumadzulo mu mseu wa Great East, nakwera mapiri kupyola Rufunsa ndi Chongwe. Ulendowo uposa makilomita 300, ndipo m'miyezi ya June ndi July wonyamuka m'mawa atabvala malaya okha afika madzulo alikufuna bulangete.

Tsono kucitika kuti mphunzitsi kapena wa nchito ya Boma asamutsidwa m'miyezi yomweyi, ndipo ana ace ali ndi kamba amene amweta pakhomo zaka zingapo. Kambayo aponyedwa m'katoni, naikidwa pamwamba pa katundu kumbuyo kwa lole, nayenda usiku wonse mphepo irikumuomba. Pofika aoneka wamoyo, wopanda bala, koma akana kudya, ndipo patapita masabata owerengeka afa. Eni ace adabwa, pakuti ayesa kuti nyama ya cigoba colimba cotere siingabvutike ndi kanthu. Cigobaco citeteza kamba kwa adani ace, koma kuzizira kulowa ndithu.

Cifukwa cace ndi ici. Thupi la munthu, la mbuzi kapena la nkhuku lipanga kutentha kwa ilo lokha, koma kamba atenga kutentha kwace kunja, monga acita buluzi ndi njoka. M'mawa aothera dzuwa, masana abisala mumthunzi, ndipo usiku wozizira alowa pansi pa zitsamba kapena m'mauna osiyidwa ndi nyama zina. Nzeru yace yonse ndiyo kusankha malo. Akatsekeredwa m'bokosi sangasankhenso, ndipo thupi lace lizizira pamodzi ndi mpweya womzungulira. Likazizira, cakudya ciri m'mimba cileka kugayika niciyamba kuola, ndi mphamvu yolimbana ndi matenda icepa. Nthenda imene imgwira kawirikawiri ndi ya m'mapapu, ndipo iri yoopsa kwa iye popeza kamba satha kutsokomola kuti acotse makhololo.

M'cigwa ca Luangwa mupezeka kamba wamkuru wa mawanga onga a nyalugwe, ndiponso wina wamng'ono amene cigoba cace cipindika kumbuyo ngati citseko, nicibisa miyendo ndi mcira. Onse awiri anazolowera dziko lofunda. Ku Lusaka usiku wa July kuzizira kutsika pansi pa madigiri 10 a muyeso wa Celsius, pamene kamba wa paulendo afuna pakati pa madigiri 22 ndi 28.

Asanafune bokosi, mwini ayambe wafunsa za lamulo. Lamulo la nyama za kuchire la caka ca 2015 liika nyama zonse zotere m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, ndipo oyang'anira ndiwo a Department of National Parks and Wildlife. Kamba ndi nyama ya kuchire ngakhale anakulira kukhonde, cotero wofuna kumsunga kapena kumsamutsa apite ku ofesi yao akafunse cilolezo. Kumturutsa m'dziko ndi nkhani ina yaikuru. Zambia inalowa m'pangano la maiko lochedwa CITES m'caka ca 1981, ndipo akamba onse a pamtunda ali m'pangano limeneli. Kwa anthu a ku Feira izi ziri pafupi, pakuti Zumbo wa ku Mozambique ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe ali kutsidya kwa madzi, ndipo woolotsa kamba pabwato wamdutsitsa malire a dziko.

Maiko aopanso matenda. M'caka ca 2000 dziko la America linaletsa kulowetsa kamba wa mawanga uja pamodzi ndi mitundu ina iwiri ya ku Africa, cifukwa nkhupakupa zopezeka pa iwo zifalitsa nthenda ya heartwater imene ipha ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Ku positi nako kulibe njira, pakuti malamulo a positi a maiko salola zamoyo, kupatula tizilombo towerengeka monga njuci ndi misundu. Kamba woyenda pandege atsata malamulo a bungwe la IATA onena za mabokosi a nyama. Koma kwa wocoka ku Feira kunka ku Lusaka, njira yabwino ndiyo yakuti kamba ayende pamodzi ndi munthu womyang'anira.

Kukonzekera kuyambe kutatsala masiku awiri. Mwini aleke kumpatsa cakudya kuti m'mimba mukhale mopanda kanthu, koma amuike m'madzi ofunda pang'ono, osafika m'mphuno, kwa mphindi makumi awiri tsiku liri lonse. Akuru anati kamba anyera womtola, ndipo mwambiwo uli ndi coonadi cace. Kamba asunga madzi m'cikhodzodzo kuti amthandize m'cilimwe, ndipo akacita mantha awataya onse. Cifukwa cace ayenera kunyamuka atamwa bwino. Nthawi yomweyo amyang'ane m'khosi ndi m'mbali mwa miyendo, namcotse nkhupakupa.

Bokosi likhale la matabwa kapena katoni yolimba, lalikuru pang'ono kuposa kambayo, kuti athe kuturutsa mutu ndi miyendo koma asatererere uku ndi uku pamene galimoto ikhota. M'mbali muboolemo timabowo ta mpweya. Pansi payalidwe udzu wouma kapena manyuzipepala ong'amba, ndipo zonse zikhale zouma, popeza cinyezi cionjeza kuzizira. Pamwamba paikidwenso udzu wina kuti asagadabuke. Mapapu a kamba ali kumsana, pansi peni peni pa cigoba, ndipo akagona cagada nthawi yaitali ziwalo za m'mimba ziwapanikiza. Bokosi litsekedwe, cifukwa mumdima kamba akhala phee. Akamba awiri asakhale m'bokosi limodzi. Mwambo wakale wobooleza cigoba ndi kumangapo cingwe ulekedwe, pakuti cigoba ndi fupa lamoyo lokhala ndi mwazi, ndipo kamba amva kuwawa.

Zofunditsira bokosi sizisowa pamudzi. Botolo lodzaza madzi otentha, lotseka zolimba ndi lokulungidwa m'nsaru, liikidwe pambali, pakati pace ndi kamba pakhale cidutswa ca katoni. Kamba sazindikira msanga kuti alikupsya, cotero botolo lisamkhudze. Kunja kwa bokosi kukutidwe bulangete, koma timabowo tija tisatsekeke. Madzi akazizira asinthidwe pa malo opumira.

Ulendo ukhale wa masana, woyamba dzuwa litakwera ndi kutha lisanalowe. Bokosi likhale m'kati mwa galimoto momwe mukhala anthu, pansi pafupi ndi mapazi. Kumbuyo kwa lole ndi m'cipinda ca katundu ca basi ndi malo osayenera konse. Koma woopa cisanu asaiwale dzuwa. Bokosi losiyidwa pa mpando m'galimoto yotseka magalasi litentha msanga ngakhale m'July, ndipo kutentha kupha kamba mofulumira kuposa kuzizira.

Atafika, kamba asaikidwe pafupi ndi mbaula kuti afunde mwadzidzidzi. Akhale m'cipinda cofunda usiku umenewo, ndipo m'mawa aikidwenso m'madzi ofunda, naothere dzuwa pamalo opanda mphepo okhala ndi mthunzi pafupi. Kufikira cisanu citatha azigona m'nyumba. Kukana cakudya masiku owerengeka si cacilendo. Koma thobvu m'mphuno, kupuma cokanula kamwa ndi maso otupa ndi zizindikiro zakuti apite naye msanga kwa dotolo wa ziweto. Kamba amene wadwala kapena wotopa naye asatayidwe kuchire la kwina, cifukwa angapatsire matenda akamba a kumeneko.

Pamwamba pa zonsezi pali njira ina yosabvuta, ndiyo kudikira. Ngati mbale kapena mnansi ku Feira abvomera kumsunga, kamba atsale kufikira September kapena October, pamene usiku wa ku Lusaka wafunda. Kamba wa mawanga atha kukhala ndi moyo zaka zoposa 50, ndipo mwana amene amlira lero angadzamuonetse ana ace. Miyezi itatu ya kudikira iri yaing'ono poilinganiza ndi zaka zimenezo.