KUZIMITSA MOTO KUMENE MADZI ALI KUTALI

Miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala ndiyo nyengo imene nyumba zimapsa kawirikawiri m'midzi. Udzu wa padenga umakhala utauma gwa, mphepo imaomba kwambiri, ndipo zitsime zambiri zimakhala zitaphwa. Magalimoto ozimitsa moto ali m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, koma mudzi wakutali, umene njira yake ndi yopapatiza ndipo milatho yake ndi ya mitengo, sungathe kuwadikira. Denga la udzu limatha m'mphindi zochepa chabe. Chotero ozimitsa moto a m'mudzi ndi eni mudzi omwe, ndipo ayenera kudziwa kugwira ntchitoyi ndi madzi ochepa amene ali nawo.

Zimene Moto Umafuna

Moto sungayake popanda zinthu zitatu: chinthu choti chipse, mpweya, ndi kutentha. Chimodzi mwa izi chikachoka, moto umazima. Madzi amachotsa kutentha. Mchenga, dothi ndi chiguduli chonyowa zimatsekereza mpweya. Khasu, chikwanje ndi ngowe zimachotsa chakudya cha moto. Tsono madzi ndi njira imodzi yokha mwa njira zitatu, ndipo ziwiri zinazo zimapezeka m'mudzi uliwonse, ngakhale chaka cha chilala.

Anthu Poyamba, Katundu Pambuyo

Amene waona moto ayambe wakuwa kuti mudzi wonse umve. Ana, okalamba ndi odwala atulutsidwe msanga, ndipo mwini nyumba awerenge anthu ake onse pabwalo. Utsi umapha anthu ambiri kuposa malawi. Popeza utsi umakwera m'mwamba, munthu amene ali m'nyumba yodzala utsi atuluke chokwawa. Amene watuluka asabwereremonso kukatenga ndalama, zofunda kapena njinga, pakuti denga lakupsa limagwa mosachenjeza.

Madzi Ochepawo Apite Kuti?

Ndowa yaikulu imalowa malita 20, ndipo mgolo umalowa ngati malita 200, ndiye kuti ndowa khumi. Pa mjigo, ndowa imodzi imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti idzale. Chotero madzi ndi ochepa ndithu, ndipo sayenera kutayidwa chabe.

Moto ukangoyamba, ukadali pa ngodya imodzi ya denga, ndowa ziwiri kapena zitatu zingathe kuugonjetsa. Madziwo athiridwe patsinde pa moto, pa udzu umene ukupsawo, osati pa malawi kapena pa utsi. Amuna okhala ndi ngowe zazitali akokere pansi udzu woyakawo, ena aukwirire ndi dothi.

Koma denga lonse likagwira moto, nyumbayo yapita. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwa: chifukwa cha chisoni amathira madzi awo onse pa nyumba imene singapulumukenso, kenaka mbaliwali zikagwera pa nyumba yachiwiri mgolo uli gwa. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Nzeru ndiyo kuona kumene mphepo ikulowera, ndi kukanyowetsa madenga, nkhokwe ndi zigafa za mbali imeneyo. Mpanda wa udzu umene ukulumikiza nyumba yakupsayo ndi zinzake ugwetsedwe msanga. Anyamata aime pafupi ndi madenga enawo ali ndi nthambi zaziwisi ndi ziguduli zonyowa, kuti mbaliwali iliyonse ikagwa aiphe pomwepo. Chiguduli chimodzi chonyowa chimagwira ntchito nthawi yaitali ndi madzi pang'ono.

Ngati chitsime kapena dambo lili pafupi, anthu asathamange uku ndi uku aliyense ndi ndowa yake. Aime mu mzere ndi kumapatsirana ndowa, zodzala kupita ku moto, zopanda kanthu kubwerera ku chitsime. Motero madzi satayika panjira ndipo anthu satopa msanga.

Moto Umene Sufuna Madzi

Palafini, petulo ndi mafuta ophikira zimayandama pamwamba pa madzi. Kuthira madzi pa moto wotere ndiko kuumwaza m'nyumba monse. Mphika wa mafuta ukayaka uvundikiridwe, ndipo palafini woyaka pansi akwiriridwe ndi mchenga. Moto wa mawaya a magetsi, kapena wa batire la sola, usathiridwenso madzi magetsi asanazimitsidwe.

Wopsa Ndi Moto

Munthu amene zovala zake zagwira moto asathamange, pakuti mphepo imakoleza moto. Agone pansi nagubuduke, ena amfunditse bulangeti. Malo akupsawo athiridwe madzi oyera, ozizira, kwa mphindi 20. Iyi ndi ntchito imene madzi sayenera kuumiridwa. Mazira, mafuta, ndowe kapena mankhwala otsukira mano zisapakidwe pa bala. Nsalu imene yamatirira pa khungu isakokedwe. Bala liphimbidwe ndi nsalu yoyera ndipo wodwalayo apite naye ku chipatala, makamaka ngati ndi mwana, kapena ngati wapsa kumaso, m'manja kapena malo aakulu.

Kukonzeka Moto Usanabwere

Mudzi wosowa madzi umapulumuka chifukwa cha zimene unachita moto usanayambe. Mafumu ndi anyakwawa angathandize anthu awo poona kuti udzu walambulidwa kuzungulira mudzi chilimwe chisanafike, ndi kuti nkhokwe, khitchini ndi chigafa zamangidwa motalikirana ndi nyumba yogona. Pa khomo lililonse pakhale ndowa ya mchenga, ngowe yaitali ndi chiguduli. Mgolo umodzi wa madzi usungidwe wovundikira bwino, kuopa udzudzu ndiponso ana kugweramo. Phulusa lisatayidwe lili lamoto, kandulo ndi koloboyi zizimitsidwe pogona, machesi akhale patali ndi ana, ndipo osaka mbewa asasiye moto kutchire.

Mudzi upanganenso chizindikiro chake cha moto, kaya ng'oma kaya chitsulo, ndipo aliyense adziwiretu ntchito yake: wotunga madzi, wogwetsa mpanda, woyang'anira ana. Nkhani imeneyi ikambidwe pa bwalo la mfumu mwezi uno, mphepo ya chilimwe isanakule.