Palasa njinga, uone Chipata imene sunaidziwe

Mu Chipata njinga ndi zonse. Imanyamula makala, matumba a chimanga, mwana wa sukulu, olo amayi ochokera ku Kapata Market. Koma Sondo ikubwerayi, itana anzako anayi kapena asanu, mupope mataya, mupalase kukaona mbiri ya alendo amene anamanga nafe tauni ino.

Osayamba kufuna Chinatown ngati ya ku Johannesburg. Kuno komboni ya alendo ndi Down Shops, ndipo eni nkhani ndi amwenye. Oyamba anafika mu 1905 kudzera ku Nyasaland, ambiri Asilamu a ku Gujarat. Nthawi imeneyo tauni inali kutchedwa Fort Jameson, likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Masiku a atsamunda munthu wakuda sanali kulowa mwaufulu mu sitolo ya mzungu, anali kugulira pa windo. Kwa mwenye ndiye kumene agogo athu anali kugwira nsalu ndi manja, kunenerera mtengo, kugula bulangete, mchere na parafini.

Mukafika kumeneko tsikani pa njinga, muyende pang'onopang'ono. Yang'anani makhonde a masitolo akale, maina a mabanja pa zipupa, na mzikiti. Mu 1968 Kaunda analengeza malamulo a Mulungushi, amene anapanikiza amalonda osakhala nzika za Zambia. Ena anatseka nkupita, ena anatenga unzika nkukhala. Adzukulu awo ndi aja amakugulitsa malata na simenti lelo mu Chinyanja chosalala kuposa chako.

Njinga yeniyeniyo ili na mbiri yake. Eagle, imene madala ambiri amaitamabe mpaka manje, inali kupangidwa konkuno pa Luangwa Industries.

Nanga ma Tchaina? Iwo anabwera mochedwa, ndipo anatsata thonje. Mu 2003 anatsegula Chipata Cotton Company, imene pambuyo pake inakhala mbali ya China-Africa Cotton. Amapatsa alimi mbewu na mankhwala pa ngongole, nkudzadula ndalama pogula thonje. Ngati uli na malume ku mudzi amene amalima thonje, afunse za mitengo. Adzakuuza zabwino na zowawa zomwe.

Chofunika pa ulendo uno ndi kukamba na anthu. Matelala okalamba a pa khonde, alonda, na amayi amene agulitsa pa malo amodzi zaka zambiri amadziwa sitolo iliyonse, mwini wake woyamba, na amene anali kukongoza anthu popanda kulemba. Zambiri za izi sizili mu buku la sukulu, ndipo madala aja sadzakhalapo mpaka kalekale. Perekani moni mwaulemu, mugule ka drinki, mupemphe kujambula mawu pa foni.

Nyamukani m'mawa dzuwa lisanakwiye, tengani madzi, ndipo onani mabuleki chifukwa Chipata ndi ya mapiri. Pa Great East Road palasani mu mzere umodzi, malole a ku Mwami sasewera. Pa mzikiti valani bwino, ndipo osajambula munthu musanapemphe.