Kalongonda ndi chitedze n'zapachibale

Mayi wothyola tiyi kwa Khwethemule ku Thyolo amakhala ndi mayina angapo. Kwawo amamuitana dzina la paubwana, apongozi amati "make uje", kutchalitchi ali ndi la ubatizo. Koma likafika tsiku la malipiro ku esiteti, kalaliki amafuna dzina limene lili pa chitupa cha unzika basi, kuopa kuti ndalama zingapite kwa wina. Zomera nazonso n'chimodzimodzi: zili ndi mayina a kumudzi, komanso dzina la pachitupa.

Chitsamba chimene chakuta mapiri a Thyolo ife timati tiyi. Mukawoloka malire kupita ku Gurúè ku Mozambique amati chá, Aswahili amati chai. Koma katswiri wa tiyi wa ku Mimosa ku Mulanje akamalemberana ndi mnzake wa ku India, onse amalemba Camellia sinensis, ndipo palibe wosokera. Kalembedwe ka mawu awiri a Chilatini kameneka anakakhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753. Liwu loyamba lili ngati mfunda, Phiri kapena Mbewe; lachiwiri ndi la chomeracho pachokha. Ndipo dzinali limatha kukonzedwa. Linnaeus anatcha tiyi Thea sinensis, koma akatswiri a pambuyo pake ataona maluwa ake anamuika m'gulu la Camellia.

Phindu la mayina a Chilatiniwa limaoneka pa malonda ndi pa mankhwala. Nandolo amene timalima pakati pa chimanga, ogula a ku India amati toor, a ku Tanzania mbaazi, koma pa mapepala ndi Cajanus cajan. Nthawi zinanso dzina limodzi la kumudzi limabisa zomera zingapo: bonongwe wa pamsika pa Thyolo si mtundu umodzi, ndi mitundu ingapo ya Amaranthus.

Komabe ine sindivomereza amene amati mayina athu ndi osalongosoka. Taonani kalongonda, nyemba zimene Alhomwe amazinyadira. Taonaninso chitedze, chija chimayanga m'tchire, chimene ubweya wa pa makoko ake ukakugwera pakhosi umadzikanda mpaka kuvula malaya pagulu. Akatswiri amati ziwirizi ndi mtundu umodzi, Mucuna pruriens. Ndi zoona, masamba ake atatuatatu ndi maluwa olendewera aja amafananadi. Kuti asiyanitse, amachita kuwonjezera liwu lachitatu, utilis, kutanthauza wolimidwa uja wosayabwa. Agogo a kwa Khwethemule anasiyanitsa kalekale ndi mawu awiri amene ngakhale mwana wa zaka zisanu amawamva: ichi chilowe m'munda, icho usachiyandikire.

Ndipo dzina loti kalongonda limayenda ndi malangizo ake. Aliyense amene anakulira m'banja la Chilhomwe amadziwa kuti nyembazi siziphikidwa mothamanga. Zimafuna nkhuni zambiri, kuwira pafupifupi tsiku lonse, madzi akuda aja n'kumataya, kuthira ena, kutayanso, pokhapo ndiye zidyedwe. Wophika mosasamala amadwalitsa banja: mutu kuzungulira, kusanza, ena kulankhula zosamveka ngati aledzera. Asayansi anapeza kuti chimachititsa zimenezi ndi L-dopa, amene ali wambiri m'nyembazi, yemwenso madokotala amapatsa odwala matenda a Parkinson. N'chifukwa chake mlangizi wobweretsa mbewu ya Mucuna kuti ibwezeretse chonde m'nthaka amayenera kuuza alimi kuti ndi kalongonda, makamaka kumadera kumene sanazolowere kumuphika.