Cipatala ca St Francis ku Katete: Obwera, Opita ndi Otsala

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa Great East, atayenda makilomita pafupifupi 500, napitirira Nyimba, Petauke ndi Sinda, amayamba kuona mapiri a Mphangwe asanafike pa boma la Katete. Capafupi pomwepo, kungopatuka pang'ono pa mseu wa tara, pali cipatala ca St Francis. Ndi cipatala ca misyoni cokhala ndi mabedi oposa 300, ndipo cimalandira odwala amene zipatala zing'onozing'ono za m'midzi zawalephera, ocokera m'maboma oyandikana ndi Katete, ndi enanso odutsa malire pa Chanida kucokera ku Mozambique. Ambiri mwa inu, awerengi athu a ku Cigawo ca Kum'mawa, munabadwira m'menemo, kapena munagonapo pa mphasa m'mbali mwa bedi la wodwala wanu.

Nkhani za cipatala zikamamveka pa wailesi, kawirikawiri zimakhala za nyumba yatsopano imene yatsegulidwa, kapena za ambulansi imene mlendo wolemekezeka wapereka. Nkhani yakuti mzamba wapuma pa nchito, kapena kuti dotolo wa opaleshoni wasamutsidwa, imathera pa bolodi la zidziwitso m'khonde. Koma kwa mayi amene mwana wamupingasa m'mimba pakati pa usiku, nkhani ya pa bolodiyo ndiyo ya moyo ndi imfa. Motero tafuna kuti tione cipatalaci, ndi zipatala zinzake za misyoni, kudzera mwa anthu ogwiramo nchito.

Cipatalaci cinayamba m'caka ca 1948. Anaciyambitsa ndi Bambo Francis Trefusis, wansembe wa Mpingo wa Angilikani amenenso anali dotolo. Patapita zaka khumi, mu 1958, kunafika dotolo wina wa ku Britain, a James Cairns, pamodzi ndi akazi ao, Mayi Faith. A Cairns anatsogolera cipatalaci kufikira 1996. Werengani bwino: zaka 38 pa malo amodzi. Anafika dziko lino likali Northern Rhodesia. Anaona ufulu wa 1964. Anaona mtengo wa mkuwa ukugwa m'zaka za m'ma 1970 ndi cuma ca dziko cikulowa pansi. Anaonanso kufika kwa Edzi. Dotolo wokhalitsa cotere amafika pothandiza kubadwa kwa mwana wa mtsikana amene iye mwini anamlandira m'manja tsiku lobadwa. Amadziwa mwezi umene wodi ya ana imadzaza, amadziwa midzi imene imacedwa kubweretsa wodwala cifukwa ca mtsinje wosefukira, amamvanso cimene nkhalamba ikutanthauza ikati "m'thupi mukuyenda zinthu". Nzeru zotere sizilembedwa m'fayilo. Mwini wake akacoka amacoka nazo, pokhapokha ngati anakhala ndi nthawi yozisiyira ena.

Ife Akatolika tinalowamo mocedwerapo. M'zaka za m'ma 1980, pamene Episkopi wa Chipata anali Ambuye Medardo Mazombwe, amene pambuyo pake anadzakhala Kadinala mu 2010, Dayosizi ya Chipata inagwirizana ndi Mpingo wa Angilikani kuti aziyendetsa cipatalaci pamodzi. Akuluakulu amene akumbukira masiku aja pamene mipingo inkalimbirana midzi ndi masukulu adziwa kuti kukhala pa tebulo limodzi sicinali cinthu cacing'ono. Koma malungo safunsa kalata ya ubatizo.

Pa dziko lonse, mgwirizano wa mtundu umenewu unayamba mu 1970, pamene mipingo inakhazikitsa bungwe limene lero likudziwika ndi dzina lakuti Churches Health Association of Zambia, kapena CHAZ mwacidule. M'bungweli muli zipatala zathu monga ca Minga ndi ca Lumezi, mulinso ca Nyanje ca a Reformed Church ndi ca Mwami ca a Seventh-day Adventist. Pangano limene liripo ndi lakuti mipingo imakhala eni zipatala ndi oziyang'anira, pamene Boma limapereka malipiro a anchito ambiri a zaumoyo pamodzi ndi mankhwala. Tanthauzo lake ndi lakuti namwino amene mumamuona pa cipatala ca misyoni, kawirikawiri ndi wanchito wa Boma. Unduna wa Zaumoyo ndiwo umamtumiza, ndiwonso umamsamutsa. Akhristu ambiri sadziwa zimenezi, ndipo mzamba wokondedwa akacoka, amapita kukadandaula kwa wansembe wa pa parishi, amene nayenso wangomva mbiriyo pa tsiku lomwelo.

Oyambitsa cipatala ca St Francis anazindikira msanga kuti anamwino sadzagwa kucokera kumwamba. M'zaka za m'ma 1950 anatsegula sukulu ya unamwino pa cipatala pomwepo, ndipo pambuyo pake anayamba kuphunzitsanso azamba. Ife tiganiza kuti pa zonse zimene cipatalaci cacita, sukuluyi ndiyo yoposa. Opaleshoni imapulumutsa munthu mmodzi pa tsiku lake, koma mtsikana wa ku Kagoro kapena ku Vulamkoko akaphunzira uzamba, amadzathandiza amayi mazanamazana kwa zaka makumi atatu, m'cinenero cao comwe, m'zipatala za kutali kumene dotolo safikako.

Tsono panabwera zaka zowawa. Matenda a Edzi anadziwika m'Zambia mu 1984, ndipo mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anaulula poyera kuti mwana wao anamwalira nao. M'zaka za m'ma 1990 mawodi a m'zipatala zonse anadzaza ndi anyamata ndi atsikana oonda, otsokomola cifuwa ca TB, ndipo mankhwala oletsa kacirombo kunalibe. Cimene timaiwala ndi cakuti mliriwo sunalambalale ovala zoyera. Anamwino ankaika m'manda anamwino anzao Loweruka, Lolemba n'kubwerera ku wodi. Ndiyo nthawi imene madayosizi athu anayambitsa magulu osamalira odwala ku nyumba, pakuti zipatala zokha sizikanatha. Mankhwala a ARV anayamba kufalikira m'zipatala za Boma ndi za misyoni ca m'ma 2004, ndipo mu 2005 anayamba kuperekedwa kwaulere.

Pa nthawi yomweyo, ca kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anamwino ndi madotolo ambiri a m'dziko lino anapita ku Britain, ku Botswana ndi ku South Africa. Sitiwaweruza. Munthu amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, ali ndi ana amasiye a mlongo wake pakhomo, sangaimbidwe mlandu pofuna kumene thukuta lake lingamdyetse. Mu 2003 Boma linayambitsa ndondomeko yoonjezera ndalama kwa madotolo ovomera kugwira nchito kumidzi. Inathandizako, koma siinathetse vuto.

Mpata umene unatsala, ku St Francis wakhala ukutsekedwa mbali ina ndi madotolo acinyamata ocokera ku Ulaya, amene amabwera kwa miyezi yowerengeka kapena caka cimodzi kapena ziwiri. Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona: amabwera ndi maphunziro atsopano ndi mtima wofuna kuthandiza. Koma akulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Pamene wayamba kumva Cinyanja, pamene wadziwa kuti mayi akati mwana "watentha dzulo" mwina watentha sabata yathunthu, nthawi yake yobwerera yakwana, ndipo sisitala woyang'anira wodi amayambanso kuphunzitsa wina watsopano. Alendowa tiyenera kuwathokoza ndi mtima wonse, komabe mizati ya nyumba ndi aja okhalitsa.

Pakati pa okhalitsawo pali gulu limene silichulidwa kawirikawiri: ma clinical officer, amene ambiri a iwo anaphunzira ku Chainama ku Lusaka. Ndiwo amene wodwala amayamba kuonana nao, ndipo kumidzi anthu amangowati "adotolo". Kuyambira mu 2002 ena a iwo akhala akuphunzitsidwa mopitirira kuti akhale ma medical licentiate, ololedwa kucita maopaleshoni ena, makamaka ocotsa mwana m'mimba. Amayi ambiri a m'maboma a kumidzi ali moyo lero cifukwa ca manja a anthu amenewa. Cipatala ca St Francis, pokhala ndi nchito yambiri ya opaleshoni, cakhala amodzi mwa malo amene ophunzira otere amanolerako luso lao.

Mu 2022 Boma linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 pa nthawi imodzi, ciwerengero cimene sicinaonekepo kale. Inali nkhani yokondweretsa, ndipo m'mawodi ambiri munaoneka nkhope zatsopano. Cikhalireco, masukulu a unamwino aculuka kwambiri, kotero kuti caka ciriconse kumatuluka anyamata ndi atsikana amene amakhala pakhomo ndi satifiketi m'sutukesi, kapena amagwira nchito modzipereka, osalandira kanthu, podikira kulembedwa. Ndi cinthu codabwitsa: wodi ikusowa namwino, namwino akusowa wodi.

Ndipo kulembedwa nchito n'kosiyana ndi kukhazikika. Cimene cimasunga namwino pa cipatala ca kumudzi nthawi zambiri ciri kunja kwa wodi. Kodi pali nyumba yosadontha? Kodi madzi alipo? Kodi ana ake adzaphunzira kuti, nanga mwamuna wake amene ali pa nchito ku Kitwe adzaonana naye liti? M'caka ca cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, cipatala ciriconse cinayenera kuganizira za mafuta a jenereta kuti cipinda ca opaleshoni ndi mafiriji a magazi asaime. Wanchito wotuluka m'wodi m'mawa atacezera usiku wonse ankakapeza mdima womwewo kwao. Pano ndi pamene parishi ili ndi mbali yake. Namwino wacilendo amene walandiridwa m'gulu laling'ono la Akhristu, amene anzake a m'kwaya amadziwa dzina lake, amene wapezeredwa kamunda, sathamangira kulemba kalata yopempha kusamutsidwa.

Caka ca 2025 cinabweretsa nkhawa ina. Mu Januwale boma la America linaimitsa mwadzidzidzi cithandizo cake ca ku maiko akunja, ndipo ku Zambia, kumene anthu oposa miliyoni imodzi amamwa ma ARV, mbali yaikulu ya nchito ya Edzi inkadalira ndalama zimenezo. Oyamba kukhudzidwa m'madera ambiri anali anchito amene sali pa mndandanda wa malipiro a Boma: alangizi oyeza magazi, alembi osunga mbiri ya odwala pa kompyuta, ndi aja oyenda pa njinga kukafunafuna munthu amene wasiya kubwera kudzatenga mankhwala. Iwowa savala yunifomu yoyera, ndipo kucoka kwao sikumveka tsiku lomwelo. Kumadzamveka patapita miyezi, wodwala uja akabwera atanyamulidwa pa ngolo. Mu Meyi caka comweco, kazembe wa America ku Lusaka, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lao lidula cithandizo ca mankhwala ca madola 50 miliyoni pa caka, cifukwa ca kubedwa kwa mankhwala operekedwa kwaulere amene anapezeka akugulitsidwa m'masitolo. Tinene mosapsatira: wogula mankhwala otere pa msika, podziwa kumene acokera, ali m'gulu limodzi ndi wakubayo, ndipo onse awiri amadetsa dzina la anchito okhulupirika amene ali oculuka.

Palinso anchito amene dzina lao silinalembedwepo pa bolodi liri lonse. Tikunena odwazika: agogo, alongo, apongozi, amene amasiya munda pakati pa dzinja, nabwera ndi kapoto, kathumba ka ufa ndi nkhuni, nakhala masabata akuphika, akucapa ndi kutembenuza wodwala. Namwino mmodzi woyang'anira mabedi ambiri usiku amadalira maso a odwazikawa. Ndiwo amene amathamanga kukanena kuti kapumidwe ka mwana kasintha. Pamodzi nao tikumbukire okolopa, ocapa nsalu za ku opaleshoni, ophika, amisiri okonza mipope, oyendetsa ambulansi ndi ogwira nchito ku nyumba ya cisoni. Wokolopa akadwala sabata imodzi, wodi yonse imadziwa.

Pa 11 Febuluwale Mpingo umasunga Tsiku la Odwala, limene Papa Yohane Paulo Waciwiri anakhazikitsa mu 1992. Kwathu kuno tsikuli limagwa pakati pa dzinja, pamene malungo afika pacimake ndipo ana ambiri amafika ku cipatala magazi atawathera m'thupi. Dotolo ngakhale waluso cotani sangapange magazi. Bungwe losonkhanitsa magazi m'dziko lino limadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale, motero masukulu akatsekera mu Disembala nkhokwe imacepa, pa nthawi yeniyeni imene magazi ayamba kufunika koposa. Munthu wamkulu wathanzi angapereke magazi kangapo pa caka popanda vuto, ndipo nchitoyo siifika ola limodzi. Mabungwe a amayi, a abambo ndi a acinyamata amene akukonza zokaona odwala pa tsikulo, atanyamula sopo ndi shuga monga mwa nthawi zonse, angayambe afunsa ku cipatala ca kwao tsiku limene otenga magazi adzafika.