Kugulira Mwana Laputopu ya ku Yunivesite

Bungwe la National Council for Higher Education likangotulutsa mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, m'mabanja ambiri mumayambika mwambo umene agogo athu sankaudziwa. Kale mwana wopita kusukulu yogonera komweko ankamukonzera sutikesi, bulangete, ndowa ndi kamba wa paulendo. Lero pawonjezeka laputopu, ndipo ndiyo imadya ndalama kuposa zonsezo.

Chifukwa cha kudula kwake, makolo sagula okha. Abale amapangana pa gulu la banja la WhatsApp n'kuyamba kusonkha. Atsibweni amapereka zawo akagulitsa soya, azakhali amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, achimwene a ku Joni amaponya pa Mukuru. Zikakwana, banja limasankha wachibale mmodzi wodziwa makompyuta kuti aperekeze mwanayo kokagula, kaya ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu.

M'shopumo maso a mwana amathamangira yopyapyala ndi yopepuka. Sitingamunene, pakuti ndiye azidzaibereka m'chikwama tsiku lonse, kuchoka kogona kupita m'kalasi ndi kulaibulale. Koma funso loyamba la woperekeza limakhala lakuti, "Achimwene, RAM yake ndi ingati?" Ena ogulitsa amayankha kuti 256 GB, pomwe imeneyo ndi SSD yosungiramo mafayilo. SSD ili ngati nkhokwe, RAM ngati lichero: chimanga chingachuluke bwanji m'nkhokwe, mumapeta chokhacho chimene chakwana m'lichero. RAM ikachepa, kompyuta imayamba kuzengereza mukangotsegula masamba angapo a Chrome pamodzi ndi Word.

Apa ndi pamene woperekeza amakhalitsa, foni ili kukhutu, kufunsana ndi a kumudzi. Windows 11 imalola 4 GB, koma pamenepo imangoyenda mokwawa. Wokaphunzira zauphunzitsi kapena zamalamulo ku Zomba, amene ntchito yake yaikulu ndi kuwerenga, kulemba ndi kulowa pa Zoom, 8 GB imamukwanira. Wokachita uinjiniya ku MUBAS, amene adzafunika AutoCAD, kapena wokaphunzira za makompyuta ku MUST ku Thyolo, ayenera kukhala ndi 16 GB.

Chimene chimalemetsa chisankhochi n'chakuti m'malaputopu opepuka ambiri RAM ndi yowotchereredwa pa bolodi, moti simungadzawonjezere. MacBook Air ndi yotero, ndipo mu 2024 kampani ya Apple idayamba kuigulitsa ndi 16 GB ngati poyambira. Choncho imene mwagula lero ndiyo mwana adzamalize nayo zaka zinayi kapena zisanu. N'chifukwa chake mabanja ambiri amatembenukira ku za ex-UK zogwiritsidwapo kale ntchito, monga Dell Latitude ndi Lenovo ThinkPad, zolemererapo pang'ono koma zambiri zokhala ndi malo owonjezera RAM ndalama zikadzapezeka.

Woperekeza wochenjera sakhulupirira kapepala komata pa laputopu. Amaiyatsa, kudina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, kutsegula Performance n'kuona yekha chiwerengero cha RAM ndi malo owonjezera amene atsala. Amazula chaja kuti aone ngati batire ikusunga moto, poti magetsi amazimazima. Amafunsanso ngati imalandira Windows 11, chifukwa Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Laputopuyo ikafika pakhomo, sangoipereka chisawawa. Madzulo a tsiku loti mawa ndi ulendo, banja limasonkhana, wina amapemphera, kenako atsibweni amatchula mmodzimmodzi onse amene adasonkha. Mwana amagwada n'kulandira ndi manja awiri. Malangizo amatsatira: usamabwereketse mwachisawawa, usamaisiye pawindo, usaisandutse yoonera mafilimu usiku wonse.

Mwambo umenewu ndi wofunika kuusamala, ndipo mtima wake uli pa kufatsa posankha. Ndalama zosonkha ndi thukuta la anthu ambiri, choncho n'kulakwira onsewo kugula chonyezimira chimene chidzatope mwana ali m'chaka chachiwiri. Ndi bwino kudikira mwezi wina kuti ya 16 GB itheke, kapena kulolera yolemera yotheka kuwonjezera. Ndipo mwana amene waona zonsezi akuphunzira udindo wake, pakuti m'banjamo akadzasankhidwa wina, woperekeza adzakhala iyeyo.